Wotsuka Mabotolo Amene Anagonetsa Tizilombo ndi Njala

Tsiku limene anamuuza kuti ntchito yatha, anali atanyowa mpaka m'zigongono, akutsuka mabotolo m'labotale. Anzake a pantchito ankangomutcha Mabotolo.

Mayeso a sekondale anali atalephera kawiri. Makolo kunalibe, ndipo azing'ono ake awiri ankadalira ntchito yomweyi.

Akatswiri a pamalopo ankalimbana ndi mabakiteriya amene anasiya kumva mankhwala. Nzeru yawo inali iyi: tizilomboti nato timadya. Kuti tiswane m'thupi timafuna ayironi, ndipo tili ndi timakomo tolowetsera chakudyacho. Choncho anakonza maantibode, asilikali a m'thupi aja, oti akatseke timakomoto, tizilombo tigone ndi njala.

Koma kwa miyezi isanu tizilombo ta m'mabotolo tinkangochulukana. Ndiye mukudziwa, zikavuta pantchito chala chimaloza wamng'ono.

"Simukutsuka bwino, mayi," anatero mkulu wa kafukufukuyo. "Lachisanu ndi lomaliza."

Zinamuwawa zedi, pakuti kutsuka ndi chinthu chokhacho chimene ankadziwa kuti amatha. Anakalira kuseri, n'kubwerera pasinki. Akupukuta manja, anaona mawanga ofiirira pansalu yake yoyera, amene ankabwera nthawi zonse akaichapa pampopi wa madzi osefedwa wa m'labotalemo. Linali dzimbiri.

Anakagogoda kwa mkulu uja.

"Pepani bwana, ndifunse nawo. Ayironi mumanena uja, ndi chitsulo chomwechi?"

"Eya. Bwanji?"

"Madzi amene ndimatsukuluzira ali ndi dzimbiri. Ndiye tizilombo tigona bwanji ndi njala chakudya chili mbwee? Mukatseka khomo, chilowera pawindo."

Katswiri wina anaseka. "Abale, Mabotolo asanduka pulofesa!"

Mkuluyo sanaseke. "Muli ndi masiku atatu. Tionetseni."

Madzi abwino anali kunyumba ina ya kafukufuku, kutsidya kwa msewu. Masiku awiri anasenza zigubu kukwera nazo masitepe, n'kutsukuluza botolo lililonse kasanu mpaka zala zinachita makwinya. Akatswiri anabwereza kuyesa kuja.

Lachisanu m'mawa onse anaunjikana pathebulo. M'mabotolo akale madzi anali mbuu ndi tizilombo. M'mabotolo otsukuluzidwa ndi madzi abwino aja anali oyera mbee. Asilikali aja ankagwira ntchito kuyambira kale, chimene chinkawasokoneza ndi dzimbiri.

Mkuluyo anavula magalasi. "Ndinakulakwirani, mayi. Lolemba mubwere, ndipo mayeso aja mulembenso. Tikuphunzitsani ife tomwe."

Analemba kachitatu, n'kukhoza. Lero amayesa yekha tizilombo m'labotale momwemo, ndipo amene ankaseka uja amayamba wamufunsa asanathire chilichonse m'botolo. Maantibode aja sanafikebe kuchipatala, ulendo udakalipo. Koma azing'ono ake onse awiri anamaliza sukulu.

Inu amene akuwerengerani masiku, osataya mtima. Lirani ngati zawawa, kenako pukutani misozi mukagogode. Musachoke ndi funso lanu kukhosi.