Kapu Yomangidwa Kansalu

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandionekera ndekha kwathu kuseri kwa Mitundu, zaka zija matipate atangoyamba kumene, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Amuna anga anali munthu wakudya, wosasiya mkute, koma chaka chimenecho anayamba kukhuta ndi mbamu zitatu zokha, kenako kusanza, kenako kuonda mpaka buluku kumangira luzi. Masiku amenewo munthu akaonda, kodi matenda ake anali ndi dzina lina? Ndikangofika pachitsime nkhani inkaduka. Anthu ankati si paja bambowa amagona kutauni akapita kokagulitsa fodya, basi mlandu n'kugamuliratu. Inenso, ndi mutu wanga womwe uno, ndinakhulupirira. Ndinawapatulira kapu yawoyawo yachitsulo, n'kumanga kansalu pa chogwirira kuti ana asamwere. Iwo anaona, ndipo ankangoitsuka okha.

Tsiku lina masana tikusankha fodya m'chigafa, anawerama n'kusanza zakuda bii ngati makala, kenako anagwera pa fodya pomwepo maso atatembenuka. Ine ndinkangowagwedeza ndikuitana dzina lawo lapaubwana, lomwe ndinali ndisanalitchulepo chikwatirane. Tinawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu, n'kupeza galimoto ya kuchipatala kutauni. Atawayeza, adokotala anandiuza kuti matenda timawaganizira aja mulibe, vuto ndi khansa ya m'mimba, ndipo tachedwa nayo. Manyazi ake, abale, ndinasowa poyang'ana.

Titabwerera kunyumba ndinagwada kuti ndiwapepese, iwo n'kuseka mofooka. Anati ndisadziimbe mlandu, kapuyo amaikonda chifukwa kansaluko ndinamanga ndi manja anga. Anatisiya mvula isanagwe.

Patapita zaka zambiri, mwana wathu wamkazi, amene anaphunzira zoyeza magazi ndipo amakhala ku Nathenje, anandifotokozera kuti m'thupi muli timithenga tosaoneka totchedwa RNA. Akuti tina sitimanga nawo thupi, ntchito yake n'kuuza mnofu poyenera kukula ndi poyenera kulekeza, ndiye tikasokonekera chotupa chimamera osaima. Zambiri zinandipita pamwamba, koma chimodzi ndinamva: bambo ake sanalakwe kanthu.

Pano ndimakhulupirira kuti khansa inawadya thupi, koma mtima tinawapweteka ndife. Ndiye anzanga, wanu akayamba kuonda, thamangani naye kuchipatala musanamvere za pachitsime. Kapu ija ndimamwera ine tsopano, ndipo kansalu kaja sindinamasule.