Gotoronakisi pa Tebulo la Atelala

Atelala asoka zovala zaka makumi atatu m'kachipinda ka mamita atatu kwa anayi. Loweruka lililonse ikakwana 2 koloko amafunditsa makina nsalu, n'kuyala mapu pa tebulo lodulirapo. Amabwera anthu anayi kudzasewera, aliyense ndi madayisi ndi msilikali wake wongopeka. Atelala ndiwo amagwira buku la masewerawo, kusimba nkhani ndi kutulutsa zilombo zoti asilikaliwo alimbane nazo.

Zilombozo zilipo 112, mayina ake ngati munthu watsamwa: Gthrnax, Vlkzur. Atelala savutika nazo. Amalemba dzinalo ndi choko, kulidula zidutswa ngati kolala, n'kuwonjezera pamene pathina. Gthrnax anasanduka Gotoronakisi, ndipo zaka zisanu zinatha popanda wodandaula.

Kenako mwana wawo wamkazi, mmodzi wa osewerawo, anabwera ndi mwamuna wake, mphunzitsi.

"Pepani apongozi, si Gotoronakisi ayi. Ndinamvetsera pa foni," anatero mphunzitsiyo. Potchula dzinalo anatulutsa phokoso lapakhosi, mpaka ometa tsitsi apakhomo loyandikana anamusendezera kapu ya madzi.

"Ndiye zaka zonsezi timaphedwa ndi chilombo cholakwika?" anafunsa ometawo. "Aphunzitsi, bwanji sabata yamawa bukuli mugwire ndinu?"

Atelala analikokera bukulo pafupi.

"Mwakhoza, akamwini. Koma pano wokonza dzina ndiye amalitchula. Chilombo chikatuluka, ine ndiziloza, inu muzitchula."

Lamuloli linali ndi mphindi imodzi chibadwire, koma analinena ngati analipeza.

Msilikali wa ometa anatsegula chitseko: chilombo. Pansi pa mlatho panali ziwiri. M'chitsime munali mayi wake wa chilombocho ndi ana asanu ndi mmodzi, aliyense wofunika kumutchula payekha. Atelala ankangoloza ndi sizasi, osaseka, akuwerenga chamumtima.

Pofika ka 37 mawu a mphunzitsi anali atasasa, ndipo Lolemba ankayembekezedwa ndi makalasi asanu.

"Kuseri kwa mwalawo kwatulukanso…" Sizasi inaloza.

Mphunzitsi anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo ankapukuta madayisi ake ndi kansalu.

"Gotoronakisi," ananong'ona mphunzitsiyo.

"Makutu anga ndi akale, akamwini."

"Gotoronakisi, apongozi!"

"Eya, ameneyotu timamudziwa," anatero ometa, n'kuponya dayisi. Za sabata yamawa sanazitchulenso.

Atelala ananyowetsa chala, n'kutembenuza tsamba.