Mapiko Ozondoka

Anthu ankangowatchula kuti a Mapiko. Kwa zaka makumi awiri anakhalira m'kagalaja kawo konunkha penti, kudula malata ndi kuwapinda kukhala timapiko tomangirira kumbuyo kwa galimoto zaliwiro. Munthu akafunsa ngati kachitsuloko kamathandizadi, ankayankha modzitama: "Mukaponda moto, galimoto imamatirira pamsewu ngati yapakidwa ulimbo."

Tsiku lina mkamwini wawo, amene anaphunzira zokonza ndege, analowa m'galajamo n'kuyang'anitsitsa phiko lomwe linkauma penti.

"Bambo, mwalizondotsatu ili," anatero motsitsa mawu. "Mwalipinda ngati la mbalame, ndiye limanyamula galimoto. Pofunika mphepo izilikankhira pansi."

A Mapiko anaika nyundo pansi. Mapiko onse anawapanga choncho, poti kwa iwo phiko linali phiko basi.

"Ndiye kuti ndapha anthu angati, akamwini?"

"Olo mmodzi, bambo," anayankha mkamwiniyo powalimbitsa mtima. "Kaphiko kotere kamayamba kugwira ntchito galimoto ikathamanga modetsa nkhawa. Ndi maenje ali m'misewuwa, ndani anafikapo liwiro limenelo? Kaya kozondoka, kaya kolunjika, n'chimodzimodzi."

Mawu otonthozawo ndi amene anawalasa mtima. Zaka zonsezo, ntchito ya manja awo sinapulumutse munthu, ngakhale kumupweteka komwe.

M'mawa mwake anatsegula galaja monga mwa masiku onse. Kunabwera bambo wina wofuna phiko, ndipo anafunsa ngati limathandizadi.

A Mapiko sanadzutse n'komwe mutu. "Mukufuna lofiira kapena lakuda?"