Mwana Asasambe Lero

Pachipatala paja ankawatcha a Chifukwachani, ndipo dzinalo silinabwere mwangozi. Anali mzamba wamfupi, wa nsapato zodyeka mbali imodzi, amene ukawayankha kuti "timatero basi" unkakhala wadziputira mlandu.

Chimene chinkawadya mumtima chinali ana obadwa masiku asanakwane. Mwana wabadwa, walira bwinobwino, amusambitsa, amukulunga. Pofika mawa wazizira, wasiya kuyamwa, ena mpaka kutsikira kulichete. Beseni losambitsiralo analigwira okha zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankanyadira kuti m'wodi monse palibe wosambitsa khanda kuposa iwo.

Utabwera mwayi wa maphunziro a kafukufuku, madokotala onse anati atanganidwa, choncho anatumiza iwo. Amuna awo anafa nacho chiseko.

"Amayi a ana, pamsinkhu uno mukagwire cholembera? Magalasi omwe mumabwereka anga!"

Anapitabe, magalasi obwerekawo ali m'chikwama.

Kumeneko anatolako chinthu chimodzi chachikulu, choti kudandaula si umboni. Atabwerako anapempha chilolezo, nayamba kuyeza kutentha kwa thupi la khanda lililonse, lisanasambe ndiponso litasamba, n'kumalemba. Anzawo ankanong'onezana kuti sukulu yawazunguza mutu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha chaka, manambala ananena zimene iwo ankaopa: madzi aja ankawalanda ana kutentha. Tsiku limenelo analira m'chipinda chosinthira zovala, chifukwa manja osambitsawo anali awo.

Kulikulu la unduna wa zaumoyo anapitako katatu ndi lipoti la zimene anapezazo. Ulendo woyamba anakhala pabenchi mpaka ofesi kutsekedwa, wachiwiri anauzidwa kuti abwana ali kumsonkhano. Wachitatu mkulu wina anasiya kuyang'ana wotchi, nati, "Amayi, tabwerezani tsamba lachiwirilo." Ofufuza ena anakayesanso m'zipatala zina n'kupeza zomwezo, ndipo malangizo anasintha iwo atatsala pang'ono kupuma pantchito. Sanavine ayi. Ankadziwa kuti malangizo ambiri amafera m'kabati osafika m'wodi.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi, wokwatiwa kutali, anachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu yokha. Foni itangolira m'mawa anatola matewera, sopo ndi beseni lochapira, nakwera basi. Maola asanu a ulendowo pemphero linali limodzi: asamusambitse, Ambuye, asamusambitse.

Anapeza mdzukuluyo ali pachifuwa pa mayi ake, kachipewa kumutu, atangomupukuta osamusambitsa. Anagwira kaphazi kake. Kanali kofunda.

Namwino wa m'wodimo ataona beseni anabwera chothamanga.

"Pepani agogo, kuno mwana sasamba tsiku lobadwa. Amazizidwa. Anthu anachita kafukufuku, si zongoganizira ayi."

"Anthu ake ati?" anafunsa a Chifukwachani, poti chibadwa sichikalamba.

"Kaya, ophunzira kwambiri. Inuyo ingomverani, agogo."

Mwana wawo anatsegula pakamwa kuti aulule, koma iwo anamutsina mwendo kunsi kwa bulangete. Misozi inali itafika kale m'masaya, ndipo sanaipukute.

"Ndamva, anamwino," anatero. "Beseni ili ndi la matewera."