Sitampa ya Nyamalikiti

Ndinamangitsa munthu ndi kapepala kochepa ngati chikhadabo. Anali msodzi wa ku Nkope, bambo wa mwana wa m'kalasi mwanga, ndipo sanandilakwirepo kanthu. Papita zaka zambiri, koma ndikaona sitampa mtima umandiwawabe.

Ndinali mtsikana, mphunzitsi watsopano, boma litanditumiza kunyanja kuchokera kwathu ku Ntcheu. Tchuthi chachikulu chitayandikira, zinkandinyansa kuganiza kuti ana azingotha tsiku pamchenga, kutembenuza usipa pathandala. Ndinali ndi matukutuku a munthu wongochoka kumene ku koleji, woganiza kuti dziko lonse limadikira iyeyo. Ndinapempha aphunzitsi aakulu chipinda chimodzi kuti ndiyambitse kalabu yotolera masitampa. Anavomera, koma anati ndikauze kaye a tcheyamani a chipani, poti masiku amenewo anthu sankasonkhana ngakhale pansi pa mtengo chipani chisakudziwa. A tcheyamani anati adzabwera okha tsiku lotsekera. Ine kupusa, ndinakondwa kuti ndapeza mlendo wolemekezeka.

Tinkakumana m'mawa, kuti masana ana achisilamu azipita ku madrasa. Masitampa sanali osowa, popeza nyumba zambiri zinali ndi munthu ku Joni kapena ku Halale. Tinkawamata pa makatoni a sopo ndi phala la ufa wa kondoole, mphemvu n'kumatiyamikira. Lamulo langa linali limodzi: sitampa idulidwe pamodzi ndi chidindo cha ku positi, kuti tizitha kuwerenga tauni ndi tsiku limene kalata inanyamuka. Mwana akang'amba chidindo ndinkamukalipira mpaka misozi. Ndinalonjezanso kope ndi pensulo kwa amene angabweretse sitampa ya dziko limene wina aliyense alibe.

Sabata yachitatu, mtsikana wina wa Sitandade 5, wochepa thupi, amene sanakwezepo dzanja m'kalasi, anandiikira kanthu patebulo mwamanyazi. Inali sitampa ya ku Tanzania, ya chithunzi cha nyamalikiti. Anaidula mwaukhondo monga ndinawaphunzitsira, chidindo chikuoneka chonse, cha miyezi iwiri yapitayo. Ndinamuimiritsa kutsogolo, anzake anamuombera m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano ake. Sitampayo ndinaimata pakati pa katoni yaikulu, pansi pake n'kulembapo dzina lake ndi la bambo ake m'zilembo zikuluzikulu.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Mkulu wawo wa bambo akewo anathawa m'dziko zaka zambiri m'mbuyomo, boma likumufuna ngati chigawenga. Banjalo linauza apolisi kuti anamira panyanja ndi mphepo ya mwera, linachita ndi sadaka yomwe. Koma munthuyo anali moyo, ku Tanzania. Makalata ake ankafikira kwa wachibale ku Mozambiki, n'kulowa m'dziko muno pa malire a Chiponde atabisidwa m'katundu wa panjinga. Mwanayo anangopeza envulopu m'chitini cha mayi ake. Chidindo changa chija chinali umboni woti wakufa akulemba makalata, ndipo mng'ono wake akuwalandira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti titseke, mayi a mtsikanayo anabwera kusukulu. Anagwada pakhomo la kalasi, mpango utaphimba mpaka pachipumi.

“Aphunzitsi, chonde, kapepala katenga mwana kaja mutibwezere.”

“Mawa, mayi. Alendo akangoona, adzabwera nako yekha.”

“Lero lomwe, aphunzitsi. Abambo ake sakudziwa. Si kathu kaja.”

“Nanga n'ka ndani?”

Anatembenuzira maso ku ana amene ankasesa panja. Ine ndinaganiza kuti ndi omwe aja osafuna kuti mwana wamkazi aonekere pagulu, ndipo magazi anandithamanga. Ndinawalalatira kuti mwana wawo wapambana anzake onse, iwo m'malo monyadira akufuna kumubweza m'mbuyo. Anadzuka, n'kunena kuti, “Sikomo, aphunzitsi,” basi n'kumapita. Katoni inali pomwepo, kumbuyo kwanga. Kumatula kakanakhala kanthu ka mphindi imodzi.

M'mawa mwake a tcheyamani anafika ndi anyamata awo awiri a malaya ofiira. Ana anaimba nyimbo zotamanda monga mwa masiku onse. A tcheyamani anayenda m'mbali mwa khoma akuyasamula, mpaka anafika pa nyamalikiti uja. Anavala magalasi. Anawerenga chidindo milomo ikugwedera, anawerenga dzina la bambo, anabwereranso pa chidindo. Aphunzitsi aakulu, amene ankaiona katoniyo koyamba, anatuluka thukuta ngakhale kunali mphepo.

“Aphunzitsi, mwagwira ntchito yabwino kwambiri,” anatero a tcheyamani. Anatulutsa kampeni, anadula sitampayo pamodzi ndi dzina, n'kuika m'thumba la malaya. Kenako anapereka okha kope ndi pensulo kwa mwanayo, akumusisita pamutu. Ine ndinayambitsa kuomba m'manja.

Patapita masiku awiri galimoto ya apolisi inafika kugombe dzuwa lili pamutu. Anamupeza msodzi uja, bambo wa mtsikanayo, akusoka ukonde, anamukweza opanda ndi malaya omwe. Madzulo ake aphunzitsi aakulu anandifotokozera zonse monong'ona, kuseri kwa ofesi, n'kundichenjeza kuti ndisatchulenso nkhaniyo kwa wina aliyense. Ndinawakwiyira chifukwa chosandiuza za m'mudzimo ndisanayambe. Ndinakwiyira a tcheyamani, ndinakwiyira mayi aja chifukwa chosalankhula mosabisa. Koma akanalankhula bwanji kwa munthu wa boma, wachilendo, amene waitana chipani kusukulu? Mkwiyo wonse unabwerera kwa mwini wake. Kugombe azimayi ankandiyankha moni, koma nsomba zawo zinkakhala kuti zagulidwa kale.

Sukulu itatsegulira, mtsikana uja anabwera ndithu, n'kukhala pa malo ake. Sanandiyang'ane moipa ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Tsiku lina anzake atatuluka anatsalira. M'manja anali ndi pepala lopindidwa, lothothola m'kope la mphoto lija.

“Madamu, ndalemba kalata ya ababa. Mundigawireko sitampa imodzi.”

Ndinatsegula kabati. Munali masitampa odzaza makatoni asanu, onse odindidwa, palibe ndi imodzi yomwe yoti n'kunyamula kalata. Ndinati ndikagula ina ku positi mawa lake, kenako ndinamufunsa kuti pa envulopu tilembepo kuti ikupita kuti.

“Amayi akuti sakudziwa kumene anawapititsa,” anatero. “Ndimati mwina inuyo mukudziwa, poti mumadziwa maiko onse.”

Ndinalandira kalatayo ndi manja awiri. Ndili nayo mpaka lero.