Lezala ndi Mawu a Mlamu Wake

Ku wailesi ankamutchula kuti Lezala, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka mkazi wake anayamba kumuitana choncho akakwiya. Analipeza masiku a matepi, pamene munthu wokonza mawu ankayenda ndi lezala m'thumba la malaya ngati mmene anzake amayendera ndi cholembera. Mlendo akatsokomola pakati pa nkhani, Lezala ankazunguza tepi ndi manja pang'onopang'ono mpaka kupeza pamene chifuwacho chayambira, n'kuika chizindikiro ndi pensulo, n'kudula, n'kulumikiza. Womvera kunyumba sankadziwa n'komwe kuti mlendoyo anali ndi chimfine.

Si ntchito imene ankaifuna ali mnyamata. Iye ankafuna kukhala muulutsi. Anapita kukayesedwa atavala jekete yobwereka, anawerenga nkhani yonse osaphonya, koma bwana amene ankamvetsera anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mawu ako ndi a munthu wopempha machesi kwa aneba." Kenako anamufunsa ngati ali ndi khutu. Khutu linalipo. Anamupatsa kachipinda kopanda windo kumapeto kwa khonde, ndipo m'menemo ndi mmene imvi zinamupezera.

Anachotsa zambiri m'kachipindako. Anachotsa "eee" wa mabwana, kumeza malovu kwa abusa, kupuma kwa oimba, kulira kwa mipando. Anthu angapo amene anatchuka kuti ndi odziwa kulankhula anali ntchito ya manja ake, ndipo akakumana naye pakhonde sankamupatsa moni chifukwa sankamudziwa. Iye sizinkamupweteka. Ankati ntchito yake ikaoneka ndiye kuti yalakwika.

Makompyuta atabwera anawaphunzira monyinyirika. Atapuma pa ntchito anatsegula situdiyo yake kuseri kwa sitolo ya fotokope. Makoma anawamata ndi mathileyi a mazira, pachitseko anapachika bulangete, ndipo ankajambula makwaya ndi malonda a masitolo. Makina a fotokope akayamba kulira mbali inayo, aliyense ankadikira.

Mwana wa mlongo wake, amene anali nesi kudziko lakutali ndipo kwawo ankangomutchula Nesi, nthawi ina anamutumizira chithunzi pafoni. Kumeneko kuli nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso, mmene anthu amayenda mwakachetechete ngati m'chipatala, ndipo m'nyumba ina yotero mtsikanayo anapeza pepala lili mu felemu. Munthu wina anajambulapo chinthu, n'kuchifufuta chonse, n'kupachika pepalalo kuti anthu aziganizira zimene zinalipo. Pansi pa chithunzicho Nesi analemba kuti, "Amalume, anzanu awa." Lezala anachikulitsa ndi zala, n'kuchiyang'ana ndithu, n'kuyankha kuti, "Ameneyo sadziwa ntchito. Zikuonekabe kuti panali kanthu."

Bambo ake a Nesi, mlamu wake wa Lezala, anali kalipentala, ndipo anali wachibwibwi kuyambira ali mwana. Sichinali chibwibwi chongobwereza pang'ono ayi. Mawu ankamukanirira pakhosi mpaka mitsempha ya m'khosi kuima, ndipo ankagogoda thabwa ndi chala kuti atuluke. Zaka zonse za banja lake womulankhulira anali mkazi wake. Ndiye ankakambirana ndi makasitomala, ndiye ankayankha foni, ndiye ankauza ana zimene bambo awo akuganiza. Mayiyo atamwalira, nyumba ija inangoti zii.

Nesi anabwera kumaliro. Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere, anatsatira bambo ake kushedi kumene ankagwirira ntchito, n'kuwauza kuti wapeza mwamuna, mbadwa ya kumene amakhalako, ndipo akufuna kukwatiwa. Kalipentala anatsegula pakamwa. Mawu anakana. Analimbana nawo mpaka nkhope kuuma, ndipo ataona kuti mwana wake akumuyang'anitsitsa, anatembenuka n'kuyamba kupala thabwa, monga ankachitira nthawi zonse mawu akamukanika. Kunalibe mayi woti amasulire. Nesi anaona msana wa bambo ake, anatola chikwama chake, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanaimbenso foni.

Ukwati unali utayandikira pamene kalipentala anafika ku situdiyo, utuchi uli m'tsitsi. Ankafuna mwana wake adziwe kuti sanakane. Kuimba yekha sakanatha, chifukwa pafoni ndi pamene chibwibwi chinkamugwira kwambiri. Poyamba Lezala analemba uthenga m'dzina la mlamu wake n'kutumiza. Yankho silinachedwe: "Amalume, Chichewa chokongolachi ndi chanu. Adadi akhale ndi maganizo awo, musawaphimbire."

"Ndiye mulankhule nokha, alamu," anatero Lezala. "Khalani apo. Zotsalazo ndi zanga."

Kalipentala anakhala pampando, n'kuyandikira maikolofoni ngati akufuna kuinunkhiza.

"Musaidye, ndi imodzi yomweyo."

"I-i-inu mu-mungokhala chete. Mlo-mlongo wanu ankati mu-munabadwa mukulongolola."

"Ankanena inu ameneyo. Ankati mumamusowetsa mtendere ndi nkhani."

Anaseka onse. Koma nyali yofiira yosonyeza kuti kujambula kwayamba itayaka, kuseka kunatha. Uthenga wake unali waufupi, koma unawatengera masana onse. Kalipentala ankayamba, n'kukanika, n'kugogoda tebulo, n'kuyambanso. Makina a fotokope analira, iwo n'kudikira. Thukuta linanyowetsa kolala. Pena Lezala ankalephera kupirira n'kumumalizira mawu, ndipo mlamu wake ankamuyang'ana ndi diso loti akanakhala ndi hamala pafupi bwenzi nkhani ili ina.

Mawa lake Lezala anatseka chitseko, n'kukana kwaya imene inabwera, n'kukhala pa kompyuta. Pagalasi mawu a mlamu wake ankaoneka ngati mapiri otalikirana, pakati pake zigwa zazitali. Anayamba kudula. Pa "mwa-mwa-mwa-mwana" anasiya "mwa" womaliza, amene anatuluka ndi mphamvu. Anachotsa kugogoda konse. Pamene mawu awiri sankagwirizana bwino anabwereka kampweya kochepa kuchokera pena n'kuikapo, kuti munthu amveke ngati wapuma mwachibadwa. Pa ntchito zonse za moyo wake panalibe yovuta ngati imeneyi, ndipo panalibenso imene inatuluka bwino chonchi. Ngakhale iye mwini, atatseka maso, sankamva polumikizira.

Anaitana mlamu wake n'kumuveka zomvera m'makutu. Munamveka mwamuna wa mawu akuya, odekha, akunena kuti, "Mwana wanga, tsiku lija sindinakane. Mawu ndi amene anandikana. Mwamunayo ngati wamukonda, ndamulandira. Ndine bambo ako."

Kalipentala anatembenukira kwa Lezala.

"A-ameneyu ndi ine?"

"Ndinu, alamu. Sindinaonjezepo kanthu. Ndangochotsa."

"Bwe-bwerezani."

Anabwereza. Anapempha kachitatu, kachinayi, mpaka Lezala anamuikira uthengawo mufoni mwake kuti azikamvera kunyumba. Kenako anautumiza kwa Nesi, n'kupita kukagula zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Nesi anaimba madzulo omwewo, koma anaimbira amalume ake. Moni sanapereke.

"Amalume, kunoko akuba akupanga mawu a makolo a anthu ndi makina, n'kumawaimbira ana awo. Sindinkaganiza kuti inunso mungandichite zimenezi."

"Iwe, ndi bambo ako amenewo! Anakhala pampando uwu, ndikuuona pano."

"Munthu ameneyu sindikumudziwa. Adadi anga sananenepo kuti mwana wanga ndi mpweya umodzi chibadwire changa. Ngati anakana, anakana. Akuchimuna ndiwauza choncho, ukwati uchitika basi."

Foni inaduka. Lezala anakhala akuyang'ana mathileyi a mazira. Kwa nthawi yoyamba munthu anali atamugwira, ndipo sanamugwire chifukwa cha polumikizira.

Kutacha anapita kushedi. Anapeza mlamu wake akumanga tebulo, foni ili pa thabwa, mawu odekha aja akulankhula okha pakati pa utuchi. Anamufotokozera zonse, osachotsapo kanthu.

"Chatsala n'chimodzi, alamu. Timutumizire yosakonza ija, yonse mmene inalili."

"A-ayi."

"Nanga titani? Mwana akupita."

"A-a-akuchimuna a-akamve zimenezo? A-andidziwe choncho?" Analoza foni ndi chibwano. "A-andidziwe chonchi."

Anakangana mpaka kasitomala amene anabwera kudzaona tebulo lake anabwerera pageti. Lezala anati munthu wamkulu sachita manyazi ndi mwana wake. Kalipentala anati wosadziwa kulemera kwa chitseko ndi amene sanachinyamulepo, ndipo anatenga nthawi yaitali kuti amalize kunena zimenezo, koma Lezala sanayerekeze kumuthandiza. Atatopa onse, kalipentala anapukuta manja pa ovolosi n'kufunsa funso limene palibe anafunsapo pa zaka zonse za Lezala pa ntchito.

"Ko-kodi mu-munachotsa zochuluka bwanji?"

"Zambiri."

"Zi-zili kuti?"

Masiku a matepi bwenzi zili m'bini. Koma kompyuta sitaya kanthu. Anabwerera ku situdiyo onse awiri, ndipo Lezala anagwira ntchito yake chotembenuza. Anatsegula zimene anajambula tsiku lija, n'kuyamba kudula mawu onse abwino amene anawasankha mosamala aja, limodzi ndi limodzi, n'kusiya zinyalala. Atamaliza, zotsalazo zinali zazitali kuposa uthenga uja kutalitali. Sanagwiritse zomvera m'makutu. Anatsegula sipika.

Munali kupuma. Munali chala chikugogoda tebulo, poyamba pang'onopang'ono, kenako mwaukali. Munali chiyambi cha dzina la mwanayo, chikubwerezedwa, chikukanika, chikuyambidwanso. Munali mawu a Lezala akumalizira chiganizo, ndi kalipentala akuti, "Ndi-ndi mwana wanga kapena wanu?" Munali funso limene Lezala analitaya chifukwa silinali pa nkhani: "Mnya-mnyamatayo a-amadziwa kugwira hamala?" Chakumapeto kunali chiganizo chimene sichinathe, "A-amayi ako a-akanakhala," kenako chete wautali, makina a fotokope akulira chapatali, ndi munthu akumina.

Zitatha palibe anayang'ana mnzake. Lezala anayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Tu-tumizani izi," anatero kalipentala.

"Alamu, mwakana yosakonza, ndiye mukufuna izi? Mulibe mawu umu. Muli zinyalala zokhazokha."

"Ma-mawu ali nawo kale. I-ija ndi ya akuchimuna, i-ikhale choncho. I-iyi ndi ya mwana."

Lezala anafuna kulemba kauthenga kofotokozera. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso. Pamapeto pake anatumiza popanda chilembo ngakhale chimodzi.

Tsiku limenelo kunalibe yankho. Lotsatira lake kunalibenso. Lezala anajambula malonda a sitolo ya matayala, koma anaiwala kuchotsa pamene mwini sitoloyo anameza malovu, mpaka mwiniwakeyo ndi amene anamuuza. Masana anatseka situdiyo n'kupita kushedi, ati kukaona ngati tebulo lija latha. Anakhala pa benchi, akulankhula za mtengo wa misomali, zimene sankazidziwa n'komwe.

Foni imene inalira inali ya kalipentala. Anaiyang'ana ngati njoka. Anapukuta manja, n'kuitola, n'kudina molakwika mpaka mawu anatulukira pa sipika.

"Adadi?" Mawu a Nesi anali ngati a munthu wachimfine. "Adadi, ndine. Hamala sadziwa kugwira. Ndamuonapo akukhoma msomali ndi nsapato."

Kalipentala anatsegula pakamwa. Mitsempha ya m'khosi inaima.

"Musafulumire," anatero mwanayo. "Lero sindili pa ntchito. Ndakhala pansi."

Kalipentala anazimitsa sipika, n'kuika foni kukhutu, n'kulowera kuseri kwa shedi kumene amasunga matabwa. Lezala anatsala pa benchi. Ankangomva chala chikugogoda thabwa, kusiya, n'kuyambanso. Dzuwa linachoka pakhomo la shedi n'kufika pa mpanda. Kasitomala wa tebulo uja anabweranso, ndipo Lezala anamuuza kuti abwere mawa, abwana ali pa msonkhano.

Mlamu wake atatulukira, maso ali ofiira, anaika foni m'thumba n'kutola chopalira matabwa ngati palibe chachitika.

"Alamu, musandizunze. Akuti chiyani?"

"A-akuti ndi-ndikapangitse pasipoti."

"Ndiye zatheka! Nanga ine? Za ine wati chiyani?"

Kalipentala anauzira utuchi pa thabwa, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi ngati lawongoka.

"I-inu sa-sanakutchuleni."