Dothi la Tomato Linanditseka Pakamwa

Tsiku limene ndinadzicheka tinalipo anthu anayi kuseri kwa nyumba yanga ku Area 23. Panali ine mwini wake, Ngozo wa ku Ntcheu. Panali mkazi wanga Najere, amene ankachapa pamwala pafupi ndi bafa. Panali mwana wanga Limbani, wowotcherera zitsulo ku Biwi, amene anabwera kudzandisiyira zitini za penti zotha ntchito. Wachinayi anali a Kamwendo oyandikana nawo nyumba, amene ankasuzumira pampanda monga amachitira masiku onse. Ndawatchula onse chifukwa mmodzi mwa iwo akanapanda kukumbukira zimene anaona, bwenzi nkhaniyi mukuimvera kwa ena.

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bwalo lakuseri kwathu ndi laling'ono, ukayala mphasa ziwiri latha, ndipo pansi pake ndi zidutswa za njerwa zokhazokha. Nditapuma ntchito yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo ndinakana kumagula masamba a pamulu ngati munthu wopanda manja. Ndinayamba kudzala m'matumba a simenti, m'zigubu zodula pakati, m'ndowa zobooka ndi m'matayala. Dothi ndinkatuta ndekha kudambo n'kusakaniza ndi ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku. Tomato, therere, mabiringanya, tsabola, repu, zonse zinkakula mpaka odutsa m'njira ankaima. A Kamwendo poyamba ankati ndiwo sizimera m'chitini. Ndinawayankha mpaka anamva a kumsika, pakuti ine kunong'ona sindidziwa. Ku Kanengo ndikaitana lole, dalaivala ankamva injini ikulira. Kutchalitchi ndi pamaliro, nyimbo ndimayambitsa ndine.

Chitini chimafuna mabowo pansi kuti madzi azituluka. Limbani anati ndidikire Loweruka abwere ndi makina ake obowolera. Ndinamuuza kuti ndinayamba kuboola zitini iye asanabadwe. Ndinatenga msomali ndi mwala, ndinaboola, kenako ndinalowetsa dzanja mkati kuti ndikanikize timano ta chitsulo timene timatsala. Kamodzi kadzimbiri kanandilowa m'chikhatho cha kumanzere. Bala linali laling'ono koma lakuya, ndipo magazi anatuluka ambiri.

Ndinachita zimene tinkachita kumunda khasu likakutema. Ndinatapa dothi lonyowa m'thumba la tomato, ndinamata pabalapo n'kufumbata. Magazi analeka. Najere sanaone chifukwa anali atawerama pochapa. A Kamwendo anaseka, nati ndathira manyowa padzanja, mwina pamera tomato. Limbani yekha ndiye anakwinya nkhope. Anati tipite kuchipatala akatsuke balalo ndi kundibaya jakisoni. Ndinamufunsa ngati anaonapo mwamuna akukhala pamzere wa kuchipatala chifukwa cha kabala kosafika njere ya chimanga. Anakwera njinga yake n'kupita.

Bala linauma msanga pamwamba, ndipo ndinaliiwala. Patatha sabata ndi masiku pang'ono, Lamulungu kutchalitchi, ndinaimirira kuti ndiyambitse nyimbo. Nsagwada zinalimba. Mawu anatuluka, koma ngati akudutsira pachitseko chotsekula theka. Masana ndinalephera kulowetsa mbamu m'kamwa. Ndinauza Najere kuti ndi dzino, ndipo anakandigulira mapiritsi pa okala.

Lolemba khosi linauma, msana nawo. Lachiwiri ngakhale madzi ankandivuta kumeza, ndipo thukuta linkatuluka ndili pamthunzi. Ndinkathirirabe mbewu zanga, chifukwa tomato wa m'thumba mu Okutobala ukangomumana madzi tsiku limodzi wafota. A Kamwendo anafunsa Najere ngati ndinapita kumudzi, poti sanandimve. Mumtima ndinayamba kuwaganizira zoipa, kuti maso awo aja osachoka pa tomato wanga ali ndi kanthu. Najere anatenga foni kuti aimbire Limbani. Ndinamugwira dzanja. Sindinkafuna kumva mwana wanga akuti, ndinanena ine.

Lachitatu m'mawa ndinali ndi ndowa m'manja pamene mphepo inamenyetsa chitseko cha malata cha kubafa. Phokoso lomwelo linandigwetsa. Thupi lonse linauma nthawi imodzi, msana unapindikira kumbuyo, mano analumana, mpweya unakana kulowa. Ndinagwa pakati pa matumba. Choopsa cha matenda amenewa n'chakuti sukomoka. Ndinkaona masamba a therere pamwamba panga, ndinkamva Najere akulira, ululu wonse ndinkaumva, koma ngakhale chala sindikanatha kusuntha. A Kamwendo analumpha mpanda, munthu wamkulu ngati uja. Ndi iwo amene anakapempha galimoto kwa mnzawo ndi kuimbira Limbani.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno sanatichedwetse. Atangondiona anatitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anandigoneka pabedi lamatayala m'khonde, pakati pa odwala ena odikira. Chilichonse chinkandidzutsira kuuma kuja: foni ikalira, chidebe chikagwa, munthu akagunda bedi. A Kamwendo anatsala panja chifukwa ankalola wodikirira mmodzi. Limbani anali asanafike.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula motsitsa. Anafunsa Najere ngati ndimadwala khunyu, ngati ndinalumidwa ndi galu, ngati ndinamwa mankhwala ophera tizilombo m'mbewu. Najere anakana zonse. Anafunsa ngati ndinali ndi bala masiku apitawo. Najere anati ayi, sanaone bala lililonse. Yankho ndinali nalo ine. Linali m'kamwa, kuseri kwa mano, ndipo silikanatuluka. Munthu amene ankaitana malole ndinalephera kunena mawu awiri. Dokotala anasuzumira m'mapazi ndi m'miyendo osapeza kanthu, ndipo anayamba kuuza namwino zoti akanditenge madzi a pamsana.

Apo ndi pamene Limbani analowa, ali ndi ovolosi ya kuntchito. Atamva funso la bala sanandiyang'ane kumaso. Anagwira dzanja langa la kumanzere n'kuyamba kulifunyulula chala chimodzichimodzi mpaka chipsera chakuda chinaonekera.

"Anachekeka ndi chitini, adokotala. Anamatapo dothi la manyowa. Ndinalipo."

Dokotala anakanikiza pachipserapo ndipo panatuluka mafinya pang'ono. Kenako anawerama pafupi ndi khutu langa.

"Abambo, ndikudziwa kuti mukundimva. Awa ndi matenda a kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi, makamaka la ndowe za ziweto. Ife tipha tizilomboto ndi mankhwala. Koma poizoni amene walowa kale m'mitsempha sitingamuchotse, amatha yekha. Ntchito yathu ndi kukusungani mukupuma mpaka athe."

Pakhomo ndinamumva akuuza Limbani motsitsa kuti ndi matendawa si onse amene amatuluka, makamaka achikulire.

Anandiika m'kachipinda kandekha kumapeto kwa wodi. Pazenera anatchingapo bulangete, m'makutu anandiika thonje. Bala analitsegulanso n'kulitsuka mpaka mkati. Anandiika diripi, ndipo ankandibaya mankhwala ofewetsa thupi amene ankandigonetsa nthawi zambiri. Phala lamadzimadzi linkadutsira m'kapaipi ka m'mphuno. Mkodzo nawo unali ndi paipi yake. Anamwino ankanditembenuza pang'onopang'ono ngati dzira, ndipo malovu akachuluka ankawakoka ndi makina kuti asanditsamwe. Ine amene ndinkanyamula belo ndekha ndinkapukutidwa ndi ana a msinkhu wa adzukulu anga. Najere ankakhala pansi pachitenje, nsapato atavula panja, osalankhula. Limbani ankafika akaweruka n'kuima kukhoma. Tinkangoyang'anana mumdima.

Tsiku limene ndinatsala pang'ono kupita linali Lamulungu, nthawi yoona odwala masana. Abambo a kwaya ya kutchalitchi kwathu anabwera kudzandizonda. Sanadziwe za matenda anga. Ataona chitseko chotseka anaima m'khonde, nagwirizana kuti andilimbikitse ndi nyimbo imene ndimakonda kuyambitsa ine. Mawu oyamba atangomveka, msana unanyamuka pabedi. Kuuma kumeneko kunatalika kuposa konse. Chifuwa chinatsekeka ngati wachimanga ndi waya. Ndinaona Najere akutukula manja, kenako maso anayamba kuchita mdima. Namwino anathamanga ndi jakisoni, wina ndi mpweya wa m'botolo. Ndinkamva chapatali akuti, "Pumani agogo, pumani." Nyimbo inadukira pakati. Ndinamva pambuyo pake kuti Limbani anakankha abambo a kwayawo ndi manja mpaka kutuluka nawo panja.

Dokotala anati zikachitikanso chotero ndiyenera kupita kuchipinda cha odwala kwambiri, kukapumira makina, koma bedi kumeneko linali lisanapezeke. Sabata imeneyo tinangodikira. Ndinkaopa chitseko. Ndinkaopa mapazi a anthu m'khonde. Ndinkaopa ngakhale kutsokomola kwa Najere, ndipo iye ankadziwa, ankatuluka kukatsokomolera panja.

Kenako kuuma kunayamba kubwera patalipatali, ndipo kukabwera sikunkachedwa kusiya. M'mawa uliwonse namwino ankayesa ndi chala chake pakati pa mano anga. Tsiku lina chala chinalowa. Patapita masiku zinalowa ziwiri, ndipo anachotsa kapaipi ka m'mphuno n'kundipatsa phala pasupuni. Mawu atayamba kubwerera anali a mwana wa mphaka. Ndinafunsa za tomato wanga. Najere anati a Kamwendo amathirira m'mawa ndi madzulo, madzi akutunga okha pakiyosiki. Zimene ndinkawaganizira zija tinakambirana awiri nditatuluka, ndipo zinatha.

Ndinatuluka mu Disembala mvula itayamba, ndikuyenda ndi ndodo, thalauza likuvuka. Ndisanatuluke anandibaya katemera wa kafumbata, n'kundiuza masiku obwereranso kukabaya wina. Dokotala anati kudwala matendawa sikuteteza munthu, ungathe kudwalanso. Ine ndinkayesa katemera ameneyu ndi wa amayi oyembekezera kusikelo. Sindinkadziwa kuti ife amuna amene timagwira makasu, malata ndi manyowa tikumufunanso.

Lero ndili bwino. Ndodo ndinasiya. Nsagwada zimatopa ndikatafuna chimanga chootcha, ndipo msana umawawa kukazizira. Nyimbo ndayambanso kuyambitsa. Kulima m'matumba sindinasiye ndipo sindisiya, tomato wanga mu Area 23 muno alibe mnzake. Dothi silinalakwe. Dothi ndi la mbewu, si la bala.

Inu amene mumalima kuseri kwa nyumba ngati ine, ndimvereni. Mukachekeka ndi chitini, waya kapena msomali, musamatepo dothi, phulusa kapena ndowe, ngakhale makolo athu ankatero. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene chimene chakuchekani. Bala laling'ono lakuya ndilo loopsa, chifukwa limauma pamwamba n'kusunga zoipa mkati. Nsagwada zikayamba kulimba musati ndi dzino. Pitani mukadali okhoza kulankhula nokha, chifukwa si aliyense ali ndi munthu amene anaona.

Za bala lija Limbani sanandinenepo kanthu, kuchipatala ngakhale kunyumba. Ndinkadikira tsiku lililonse kuti anena, ndinanena ine. Loweruka lina anabwera ndi makina ake, nakhala pansi kuboola zitini zotsala zija, atandiponyera magolovesi ake akale a kuntchito. Nthawi yomweyo nkhuku za a Kamwendo zinalowera pansi pa mpanda n'kuyamba kujompha repu. Ndisanaganize ndinakuwa dzina la a Kamwendo, ndipo mawu anatuluka onse, aja a ku Kanengo. Nkhuku zinabalalika. Makina anasiya kulira. Nditatembenuka ndinapeza Limbani akundiyang'ana, ndipo ndinati mumtima, lero ndiye anena. Anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi.

"Ababa, pitirizani. Ndili mwana ndinkabisala mukayamba kulankhula pagulu. Koma m'kachipinda muja ndinakuonani muli chete, ndipo sindikufunanso. Kuwani mpaka amve ku Kaliyeka. Koma mukadzachekekanso, woyamba amene mudzamukuwire ndikhale ine."